Kapu ya Anesi

Mutu Wachisanu

1. Nyerere

Nyerere zinabwerera Lachitatu m'mawa.

Mzime anaziona akulowa m'chimbudzi. Zinali zitandanda kuchokera pamng'alu wa khoma mpaka pansi pomwe panali ponyowa, zikuthamanga ngati zaitanidwa kuukwati. Anaima n'kumaziyang'ana, sopo ali m'manja.

Ankazidziwa nyerere zimenezi. Zaka ziwiri zapitazo zinabweranso chonchi, mzere womwewo, khoma lomwelo. Shuga wa munthu akakwera kwambiri mkodzo umatsekemera, ndipo nyerere zimadziwa dokotala asanadziwe. Nthawi imeneyo zinkatsata bambo ake. Kenako panatuluka kachilonda pachala cha kuphazi. Madokotala anadula chalacho, kenako phazi, kenako panalibenso chodula. Mzime anachoka ku koleji ali m'chaka chachiwiri kudzaika maliro, ndipo sanabwererenso. Mabuku ake anali m'katoni pansi pa bedi, mphemvu zikumuwerengera.

Tsopano m'nyumbamo munatsala anthu awiri okha, iye ndi amayi ake. Iye shuga analibe.

Anatunga madzi n'kuthira pamzerewo mpaka nyerere yomaliza itakokoloka. Sanauze munthu.

M'khitchini anapeza amayi ake akumwa madzi choimirira. Ndowa imene anadzaza dzulo lake madzulo inali itatsika kufika pakati.

"Ludzu lanji m'mawa uno, amayi?"

"Kutentha. Kodi lero wasanduka mlonda wa ndowa?"

Amayi anatenga kapu yobiriwira pashelefu. Kapu imeneyi anapatsidwa ndi anesi a kuchipatala tsiku limene anawapeza ndi shuga nawonso. Mawu a anesi tsiku lija Mzime ankawakumbukira bwino, chifukwa analipo.

"Mayi, matendawa mwawaona kale m'nyumba mwanu, ndiye sindichulutsa zonena. Mapilisi muzimwa, ndipo mwezi uliwonse muzibwera kudzayezetsa. M'mawa musiye buledi ndi tiyi wa shuga. Muziviika tchana madzulo, kukacha muziphika wathunthu ndi makoko ake omwe, muzidya kapu iyi imodzi. Imodzi basi, yosasefukira."

Miyezi yoyamba ankaterodi. Koma tchana ndi wouma mutu, amatha makala asanafewe. Amayi ankakhala pambaula maso akutuluka misozi, uku anthu odzasoketsa zovala akudikira pakhonde. Ndiye Mzime atapeza ntchito yosesa kufakitale yopanga phala la tchana, anaona ngati Mulungu wawakumbukira. Mapaketi ong'ambika ankapatsidwa kwa antchito. Ufa wake unali wosalala ngati wodzola kumaso, wosafuna kuphika. Kungothira madzi otentha, kuvundula, basi.

Amayi anadzaza kapu ija ndi ufa, anapala pamwamba ndi mpeni kuti isasefukire, n'kukhuthulira m'mbale.

"Imodzi, monga ananenera anesi. Tchana ndi tchana, kaya wa m'mphika kaya wa m'paketi. Mwana wanga anandiwombola ku utsi."

Mzime akutuluka, makina osokera anali atayamba kulira pakhonde. Kale amayi ake ankapalasa ndi mapazi onse awiri, ndipo kulira kwake kunkamveka mpaka kumsewu. Masiku ano ankapalasa ndi lamanzere lokha. Makinawo ankalira motsimphina.

2. Tisheti yachikasu

Mufakitale tchana ankalowa khomo lina ali njere, n'kutulukira khomo lina ali fumbi. Makina oyamba ankamuchotsa makoko. Achiwiri ankamupera. Achitatu, amene antchito ankawatchula kuti Chinjoka, ankamufinya ndi moto woopsa n'kumulavula atatupa ngati thonje. Akatero ankamuperanso, n'kumusakaniza ndi ufa woyera wa chimanga kuti phala lizisalala. Zimene zinkagwa pansi, Mzime ankasesa.

Cha m'ma teni kapitawo anamukodola.

"A Koleji, tasiyani tsachelo. Bwana amva zoti amayi ako ali ndi shuga, ndipo amadya phala lathu tsiku lililonse. N'zoona?"

"N'zoona, akapitawo."

"Ndiye mwayi wakugwera. Mawa ndi tsiku la odwala shuga kuchipatala. Ukaime pageti ndi makatoni awiri, uzikawagawira ulere kuti alawe. Uzikawauza za amayi ako. Munthu wodwala amamvera mwana wa wodwala mnzake kuposa wailesi. Ukachita bwino, tsache walisiyiratu. Udzakhala wa zamalonda, woyenda ndi nsapato zopukuta."

Anamuponyera tisheti yachikasu ikadali m'pepala lake. Kumsana kwake kunalembedwa zilembo zikuluzikulu: BWENZI LA ODWALA SHUGA.

Chimwalirire bambo ake, aka kanali koyamba kuti munthu amupatse chinthu chatsopano. Anaifungatira ngati khanda, kuopa kuti ingade ndi ufa.

3. Chenjezo la a Malamba

Nthawi ya nkhomaliro Mzime anazungulira kuseri kwa nyumba yosungira makoko. Kumeneko n'kumene ankadyera a Malamba, mkulu wokonza makina, amene dzinali linawamatirira chifukwa chosoka malamba a injini akaduka. Ankavala magalasi okhuthala ngati matako a botolo. Nawonso anali ndi shuga, ndipo tsiku lililonse ankatsegula chitini chomwechomwecho: tchana wophika wathunthu ndi masamba. Anyamata ankawaseka kuti amadya ngati nkhuku.

A Malamba anatambasula tisheti ija, anaiyandikiza kumaso, n'kuwerenga pang'onopang'ono.

"Bwenzi. Aha. Ndiye bwenzi limeneli amayi ako akhala nalo nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi inayi."

"Kuchipatala anapitako liti?"

Mzime anayang'ana pansi. "Anati akumva bwino. Komanso ntchito ya mayunifolomu inachuluka."

"Mapilisi?"

"Anatha mwezi watha. Akuti phala likuwagwira bwino."

A Malamba anatseka chitini chawo. Anatola njere imodzi ya tchana imene inagwa pansi n'kuiika pachikhatho cha Mzime.

"Khala pansi, mwanawe. Ine sukulu ndinalekezera panjira kalekale, koma makinawa ndawatsegula mimba zaka makumi awiri, ndipo thupi langali landiphunzitsa zotsalazo. Kunali mayi wina woyeza zakudya kuno, anachoka. Iyeyo ndiye anandionetsa pagalasi lake lokulitsa zinthu. M'kati mwa kanjere aka muli timatumba tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Chakudya chimene chimasanduka shuga m'thupi chimakhala chotsekeredwa m'timatumba timeneto. Ukaphika tchana wathunthu, timatumbato timafewa koma tambiri sitiphulika. Mimba imachita kulimbana nato, kumasula kamodzikamodzi. Ndiye shuga amalowa m'magazi ngati anthu olowa pakhomo lopapatiza, mmodzimmodzi, thupi n'kumatha kuwalandira. Umakhutanso nthawi yaitali.

"Tsono taona zimene timachita ife muno. Makoko timachotsa, ndi awa takhalirawa, amakadya ng'ombe. Timatumba tija timatiphwanya pachigayo. Totsala, Chinjoka amatiphulitsa ndi moto. Kenako tiperanso, tithiremo ufa woyera. Ntchito yonse imene mimba inayenera kugwira kwa maola, makina agwiriratu. Chofika pakamwa pa amayi ako n'chinthu chongodikira kusungunuka. Khomo lopapatiza lija lagumulidwa, anthu onse akulowa nthawi imodzi, akupondana."

"Koma papaketi analemba kuti ndi tchana," anatero Mzime.

"Sananame. Utuchi nawonso ndi mtengo, koma sungakhomere denga. Usandimve molakwa, phalali si poizoni. Mwana wa sukulu adye, wonyamula matumba adye, lili ndi zomanga thupi ndithu. Ngakhale ufa wa tchana wongopera kamodzi, wopanda zosakaniza, uli bwinoko kusiyana ndi uwu. Koma kwa munthu wa shuga, tchana wa m'mphika ndi tchana wa Chinjoka ndi anthu awiri osiyana ovala dzina limodzi. Ine ndinayesa ndekha. Ndili ndi kamakina kobaya chala kunyumba. Tsiku lina ndinadya wathunthu, ndinayeza. Mawa lake ndinadya phala lathuli, ndinayeza nthawi yomweyo. Nambala imene ndinaona tsiku lachiwirilo inandichititsa kukhala pansi. Chiyambire pamenepo sindinalilawenso, ngakhale amapereka ulere."

Anavula magalasi n'kupukuta ndi malaya. Maso awo anali otuwa ngati madzi otsukira mpunga.

"Amayeza bwanji amayi akowo?"

"Ndi kapu imene anawapatsa anesi. Imodzi."

"Anesi ankanena kapu ya wophika, amene wamwa madzi n'kutupa. Iwo akudzaza ufa wouma. Kapu ndi yomweyo, koma katundu wachuluka. Ndipo ndikufunse, ikamakwana teni samvanso njala?"

Mzime anakumbukira. Loweruka lapitalo anawaona amayi ake akuvundula mbale yachiwiri dzuwa lisanafike pamutu. Anamuuza moseka kuti kapu yachiwiri ndi ya makina osokera.

"Ludzu?" anafunsa a Malamba.

Mzime anagwedeza mutu kuvomera.

"Nyerere?"

Apa Mzime anaimirira. "Nthawi yatha, a Malamba."

"Nthawi yathadi, ndiye ndikuuza. Bambo ako ndinawanyamula nawo. Bokosi lawo linali lopepuka mbali imodzi, ndipo sindikufuna kunyamulanso lina la pakhomo pomwepo. Lero lomwe ukachotse ufa uja pashelefu. Ukawavule sokosi amayi ako, uone mapazi ndi maso ako, chala ndi chala, chifukwa munthu wa shuga amaponda msomali osamva. Mawa m'mawa uwatengere kuchipatala. Ukalowe nawo m'kati, osati kuima pageti. Anthu amene akakupeze pagetipo ndi amayi a anzako. Akakhulupirira nkhope yakoyo, chifukwa ndi nkhope ya mwana wabwino. Ena akasiya mphika, ena akasiya mapilisi. Iwe unafika ku koleji. Izi unayenera kundiuza ndiwe."

Anapisa m'chikwama chawo n'kutulutsa kajumbo ka tchana wouma, wathunthu, wamakwinya.

"Tenga. Ukaviike madzulo ano."

4. Madzulo

Mbiri inali itamutsogolera. Mkazi wa kapitawo ankasoketsa kwa amayi ake, ndipo anali atadutsa kale. Mzime asanafike pakhonde, amayi anayamba kuwomba m'manja.

"Abwana a zamalonda afika. Tipatseni tisheti tione."

Anaiyeza pamapewa ake, anaona kuti yakula, ndipo nthawi yomweyo anakhala pamakina kuti aibweze m'mbali. Ankasoka akuyimba chapansipansi. Mzime anali asanawamve akuyimba chichokere kumanda.

Phazi lamanja linali pambali, litavala sokosi yakuda ndi patapata wamkulu wa malemu bambo.

"Amayi, phazilo latani?"

"Nsapato ya kutchalitchi inandiluma. Si kanthu, silikupweteka n'komwe."

"Ndione."

"Uone chiyani? Mwana wamwamuna kumavula amake sokosi? Pita ukasambe, ukununkha chigayo."

Mzime anatulutsa kajumbo kaja n'kukaika patebulo la makina.

"A Malamba akupatsani."

Amayi anakagwedeza, njere zinalira ngati timiyala. Anaseka.

"Mdala ameneyo akufuna ndibwerere ku utsi? Mwana wanga akupanga phala lamakono, ine ndizikazinga maso pambaula? Anthu adzati chiyani, mwini wake wa phala amake sadya? Ukawathokoze, koma uwauze kuti kuno tinatsogola."

Anadula ulusi ndi mano n'kumupatsa tisheti.

"Vala. Bambo ako akanakuona lero. Ndinkadandaula usiku ndi usana kuti tinakuchotsa pasukulu n'kukupatsa tsache. Lero mtima wanga wakhala pansi."

Mzime anavala. Inamukwana ndendende. Mawu onse a a Malamba anali pakhosi, koma kuti awatulutse anayenera kuyamba ndi akuti: amayi, chimene ndakhala ndikukupatsani miyezi inayi chikukupwetekani. Anayang'ana nkhope yawo yosekerera, n'kumeza.

"Loweruka ndikuperekezani kuchipatala," anatero.

"Loweruka, Loweruka. Tiona."

Mzime analowa m'khitchini. Anatenga paketi ya ufa pashelefu, anaigwira kanthawi, n'kuibwezera pomwepo pafupi ndi kapu yobiriwira. Kajumbo ka a Malamba anakaponya m'kabati, kuseri kwa mbale za alendo. Sanaviike.

5. Pageti

Lachinayi anadzuka amayi ake asanadzuke. M'chimbudzi mizere ya nyerere inali iwiri. Ulendo uno sanathire madzi. Anangoilumpha.

Galimoto ya kufakitale inamusiya pageti la chipatala ndi makatoni awiri ndi katebulo. Odwala anali atayamba kale kufika, aliyense ndi kabuku kake m'manja. Ena ankayenda ndi ndodo. Bambo wina anadutsa pa njinga ya olumala, mwendo umodzi wa thalauza utapindidwa n'kumangidwa ndi pini. Mzime anayang'ana kumbali.

Woyamba kuima anali gogo wina wamfupi, wa mpango wofiira.

"Ukugulitsa chiyani, mdzukulu?"

"Sindikugulitsa, agogo. N'zaulere. Phala la tchana, losaphika."

"Tchana yemwe uja amatiuza anesi?"

Mzime anayang'ana paketi. "Yemweyo."

"Inetu wanditopetsa. Mano ndilibe, makala ndilibe, mdzukulu wondiphikira amachita kunyinyirika. Koma limathandizadi? Usandinamize, ndine wamkulu."

"Amayi anga ali ndi shuga. Amadya tsiku lililonse."

"Ali bwanji?"

"Ali bwino."

Gogoyo anatenga mapaketi awiri, anamudalitsa, n'kukauza anzake pamzere. Posakhalitsa katebulo kanazunguliridwa. Mzime anabwereza mawu aja kakhumi, kenako anasiya kuwerenga. Akamawanena kambiri, m'pamene ankatuluka mosavuta. Katoni yoyamba inatha dzuwa lisanatenthe.

Akutsegula yachiwiri, anthu anapatuka okha. Anesi anali akubwera kuchokera m'kati, omwe aja a kapu yobiriwira. M'dzanja limodzi anali ndi paketi yachikasu imene analanda kwa wodwala. Anaitembenuza, anawerenga timalemba tating'ono ta kumbuyo, kenako anayang'ana Mzime.

"Ndiwe mwana wa atelala, eti? Wa bambo aja tinawataya chaka chija?"

"Ndine, anesi."

"Tembenuka ndione kumsanako."

Anatembenuka. Anesi anawerenga.

"Nditsate."

"Katunduyu ndimusiyira ndani?"

"Ndati nditsate."

Anadutsa pamzere wa odwala, n'kulowa m'khonde lalitali lonunkha mankhwala otsukira pansi. Mzime ankalidziwa khondeli. Ankadziwa benchi yothyoka mwendo, ankadziwa zenera lomatidwa ndi katoni. Pabenchipo panakhala mayi woyandikana nawo nyumba, atagwira tsaya. Atamuona anaimirira.

"Ndinawapeza atagwa pakhonde, pafupi ndi makina," anatero mayiyo. "Thupi lili moto. Amakana kubwera, amvekere musamusokoneze mwana, lero ndi tsiku lake loyamba."

Pakhomo la chipinda chachitatu panali patapata mmodzi wamkulu, atagona chafufumimba. Chitseko chinali chotsekuka pang'ono, ndipo fungo limene linkatulukamo Mzime analizindikira asanapume kachiwiri. Linali fungo la kuchipinda kwa bambo ake miyezi yomaliza ija.

Anesi anaima pakati pa iye ndi chitseko. Sanakweze mawu.

"Amayi ako andilumbirira kuti kapu yanga sanaiphonyepo ngakhale tsiku limodzi. Ndawafunsa kuti mumathiramo chiyani, andiuza monyadira. Ine ndinapereka kapu ya tchana wa m'mphika, mwana iwe. Kwa miyezi inayi sindinawaone, ndipo akanabwera ndikanawafunsa funso limeneli kalekale. Shuga wawo lero makina athu alephera kumuwerenga, angolemba kuti wakwera. Chilonda chili pansi pa chala chachikulu, ndipo si cha dzulo kapena dzana. Sokosi tachita kudula ndi sizasi."

"Achira?"

"Adokotala akuona ngati magazi akufikabe kuchalako. Akatuluka akufuna wachibale. Alipo wina wamkulu kwanu?"

"Ndine ndekha."

M'kati munamveka mawu ofooka a amayi ake. "Ndi Mzime ameneyo? Anesi, mwaiona tisheti yake? Ndabweza ndekha m'mbalimo."

Mzime anagwira khoma. Pazenera la khondelo geti linkaoneka bwinobwino. Katoni yachiwiri inali yotsekula pakatebulo popanda woiyang'anira, ndipo gogo wa mpango wofiira anali ataimirira pamenepo, akugawira anzake mapaketi awiriawiri, akuloza kuchipatala kumene kunalowa mwana wabwino uja.

Mzime anaponya phazi limodzi kulowera kugeti. Nthawi yomweyo chitseko cha chipinda chachitatu chinatsekuka, ndipo adokotala anatuluka akuvula magolovesi. M'khwapa anapanira pepala. Mzime analidziwa pepalalo, la mzere wopanda kanthu pansi pake. Lomaliza ngati limeneli anasaina amayi ake tsiku lodula phazi la bambo ake, iye ataima kumbuyo kwawo.

"Wachibale ndi uti?" anafunsa adokotala.

Anesi anasolola cholembera m'thumba la yunifolomu yawo, n'kuchiika m'dzanja la Mzime.